Apilo ya Tomasi Wanu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ndine Esitere, mwana wanu woyamba. Kuno tilipo, ngati kudzuka m'mawa ndi kukagona madzulo ndiko kukhalapo.

Dzinja lino ndi lachiwiri chichokereni inu. Yulita wanga wagweruka mano akutsogolo ndipo wayamba sukulu pa misheni. Akuti mutu wake ndi wofewa, koma pakamwa pamuchulukira, mukudziwa kumene anatengera. Abambo ake akadali pa thangata, amachoka mame asanaume n'kubwera msana uli chigonere. Marita, mkazi wa Tomasi, anachira mwana wamkazi, wonenepa ngati dzungu, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Dzombe linatera kawiri. Chimanga tinangokolola cha mbewu, koma nandolo ndi kalongonda zinapirira, monga munkanenera kuti mbewu za kwathu zimadziwa njala. Mbuzi yanu ya mawanga ija inadya masamba a chinangwa chowawa n'kutupa mimba. Tinaidya ndi misozi.

Ndazungulira mokwanira. Atsibweni a Mulinga, mlongo wanu, anakupezani kumeneko chilimwe chathachi, ndipo sindikudziwa zimene anakuuzani. Mwina anangoti, "Wandipha ndi mwana wako." Ngati anatero sananame. Koma imvaninso za kuno, chifukwa nkhaniyi aliyense waidula pomukomera, ndipo ine ndatopa nayo kuisenza ndekha.

Mukukumbuka tsiku lija munatiitana pa mphasa yanu, mpweya ukuvuta? Munagwira dzanja la Tomasi n'kunena kuti, "Munda wa kudambo ndi wa mlongo wakoyu ndi ana ake. Iwe ndiwe mwamuna, usadzaulole kupita." Mutapumako munatinso, "Atsibweni anu ndiwo mutu wa mbumba, muziwamvera." Amayi, munatisiyira mawu awiri amene sakanagona nyumba imodzi. Sindikukudzudzulani, munali pa ululu. Koma ndikamathyola tiyi ndimaganiza kuti mukananena amodzi okha, mwina bwenzi lero mwana wa Marita akuseweretsa ndevu za atate ake.

Pamene munkaoloka Ruo kuthawa Apwitikizi, ine ndili kumsana kwanu, mapiri ano anali nkhalango ndi minda ya fodya. Tsopano tiyi akukwera phiri lililonse ngati nyerere. Bwana wa esiteti anafuna malo ena obzalapo, ndipo anafunsa kapitawo wake kuti minda yopanda mwini ili kuti. Kapitawoyo, monga mukudziwa, anali atsibweni. Anatenga bwanayo n'kumudutsitsa pa munda wawo osanena kanthu, n'kukaima pa wanu. Anati mwini wake anamwalira ndipo palibe wolima. Palibe wolima, Amayi, chinangwa chili mpaka m'chiuno, nthochi zanu zitaweramira mumtsinje, mizere ndinaunda ndi manja angawa.

Ndinapita kukagwada pakhomo pawo. Ndinati, "Atsibweni, ana anga adya chiyani?" Iwo osandiyang'ana n'komwe, akupukuta nsapato zimene bwana anawapatsa, anati, "Iwe mwana, dziko lino ndi la mzungu. Amako ankangobwereka." Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pamenepo sananame. Inu munkati, "Ife ndife obwera, ndipo wobwera sakweza mawu." Ndinatsitsa mawu, ndinaomba m'manja, ndinabwerera. Munda sunapulumuke.

Tsiku limene anabwera kudzadula mundawo ine ndinali kupalira tiyi kumtunda. Zimene ndikulembazi ndinamva kwa Tomasi mwini, ndiponso kwa nkhalamba ina, a Namakhwa, amene anali m'gulu la odula tchire. Atsibweni anafika pamunda m'mawa ndi gulu la anthu ongooloka kumene Ruo, onse ndi zikwanje. Mbiri itamupeza Tomasi ku fakitale, anasiya ntchito n'kuthamangira kudambo. Sanapite ndi chida chilichonse. Khasu analipeza komweko, lanu lija la mpini wokhota, limene tinkasiya m'kachisakasa. Anayamba kukumba chinangwa mofulumira kuti tipulumutseko chakudya, ndipo anati, "Atsibweni, munda tengani, koma tiloleni tikumbe chinangwa chokha. Mutipatse mpaka mawa."

Atsibweni anati bwana sadikira mawa. Tomasi anapitiriza kukumba. Apo anamukwapula ndi chikoti kumaso, kuyambira pa khutu mpaka pa mlomo, n'kubwerezanso. Mwana wanu sanabweze. Anangogwira chikoticho, kuwalanda, n'kuchiponya mumtsinje. Ndiye munthu wina m'gulumo anaseka. Amayi, mlongo wanu mumamudziwa, kumenyedwa akanapirira koma osati kusekedwa ndi anthu amene iye amawalamula. Anatsomphola chikwanje m'manja mwa wantchito wina n'kuchikweza pamwamba pa mutu wa Tomasi. Tomasi anali ndi khasu m'manja. Anamenya kamodzi.

Pamene ndimafika, nditamva mfuu, ndinakumana naye panjira atawabereka atsibweni kumsana, magazi a awiriwo atasakanikirana pa malaya ake. Anawanyamula yekha mpaka ku kachipatala ka pa esiteti, akungoti, "Atsibweni, musagone, tafika." Atsibweni anamwalira m'mawa mwake. Tomasi sanathawe, ngakhale anthu anamuuza kuti Ruo sali patali. Anakhala pa khonde lathu kudikira asikari, ndipo atafika anapereka manja yekha.

Mlandu unakazengedwa ku bwalo lalikulu la kutauni. Anamukweza sitima pa Luchenza ali mu unyolo, ine ndi Marita tinatsatira. Ndinapita ndi mtima umodzi, kuti choona chikanenedwa, ngakhale mzungu achimva. Koma anthu a m'gulu lija, mmodzimmodzi, anati iwo anali chiweramire kudula, anangoona atsibweni ali pansi. Sindiwada kwenikweni. Analibe matikiti a msonkho, ndipo ankaopa kuti akatsutsa mbali ya kapitawo awabweza kwa Apwitikizi. Munthu amene ana ake ali ndi njala maso ake amaona zochepa.

Amene sindingathe kumumeza ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a Dorika. Anaimirira m'bwalomo atavala nsalu yanu yakuda ija ya mizere, imene tinawapatsa tsiku lometa. Anagwira Buku Lopatulika n'kulumbira. Anati iwo ndiwo anayamba kufika pamalopo, popeza anali kutunga madzi pafupi, ndipo sanaone chikwanje chilichonse pambali pa mlongo wawo. Kenako anati tsiku lometa maliro anu anamva Tomasi akunena kuti, "Amene adzalowe m'munda wa amayi adzagona momwemo."

Mawuwo anawanenadi, Amayi. Ndinalipo, a Dorika analipo, atsibweni nawonso analipo ndipo anaseka nafe. Tinkakamba za nguluwe zimene zinkafukula chinangwa, ndipo Tomasi anali kusema zisonga za mbuna yake. Atamufunsa m'bwalo ngati ananena mawu amenewo, iye, mwana amene munamulera kuti bodza ndi ufiti, anati, "Inde, ndinanena." Pamene amafotokoza za nguluwe, ena m'bwalomo anayamba kuseka. Ine nditapempha kuti ndilankhule anandilola, koma anati ndine mlongo wake ndipo mundawo unali wanga, nanga ndikanatinso chiyani. Woweruza anaika kansalu kakuda pamutu pake. Womasulira anati Tomasi anapha mwadala, atakonzekera kale, ndipo adzanyongedwa ndi chingwe mpaka afe. Marita anagwa pansi ndi pakati pakepo. Tomasi anangonditembenukira n'kunena kuti, "Achemwali, mumudzutse."

Amene anatiuza za apilo ndi aphunzitsi a pa misheni, aja anakuwerengerani mawu pa maliro anu. Anati pamwamba pa woweruza pali oweruza ena, ndipo munthu woti anyongedwe ali ndi ufulu wopempha kuti iwowo aonenso mlandu wake. Anapita okha ku ndende kukamuthandiza Tomasi kupempha. Ine nditamva ndinayamba kukonza kamba, ndinakazinga mtedza, ndinasinja makaka, poganiza kuti tipitanso kukaima pabwalo. Aphunzitsi anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mayi a Yulita, kumeneko sikupita munthu. Oweruzawo amakhala kutali, ku mayiko a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kumapita mapepala okha." Ndinafunsa kuti nanga pepala likanama, ndani alitsutse? Anati tipemphere.

Tili mkati modikira, a Namakhwa aja anabwera pakhomo panga tsiku lina masana. Anakana mpando, anakhala pa dothi. Anati, "Mwana wanga, chakudya sichikutsika. Chikwanje chija chinali changa. Anachitsomphola m'manja mwangamu." Ndinawagwira miyendo. M'mawa mwake tinayenda wapansi mpaka ku boma, iwo akutsimphina. Kalaliki anatimvetsera bwinobwino, koma anati apilo siimva pakamwa patsopano, imawerenga zimene zinanenedwa tsiku la mlandu. Komabe analemba mawu a nkhalambayo, iwo n'kudinda chala. Kumene pepalalo linakathera sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata isanathe a Namakhwa anawachotsa pa esiteti, kanyumba kawo n'kukagwetsa. Akuti anawaona cha ku Khonjeni akupempha maganyu. Ndiwo malipiro a munthu mmodzi yekha amene ananena zoona, ndipo sanali ngakhale wa magazi athu.

Ku Zomba, kumene amasunga odikira chingwe, ndinapitako kamodzi. Ulendo wake ndi wa masiku, miyendo inatupa ngati mitondo. Tomasi ndinamupeza ataonda, mutu atamumeta, chipsera cha chikoti chitada kumaso. Anafunsa za Marita, anafunsa ngati denga lanu likudontha. Anandiuza kuti chovuta si njala kapena nsabwe, koma m'mawa pamene chitseko chachikulu chikutsegulidwa, onse amakhala chete kumvetsera kuti nsapato ziima pa khomo la yani. Nthawi yotsanzikana anandifunsa kuti, "Achemwali, kodi amayi akanati ndinalakwa?" Ndinati mukanati ndiwe mwana wawo basi. Mpaka lero sindikudziwa, Amayi. Mlongo wanu ndi mwana wanu, mukanalira uti n'kusiya uti?

Mvula inayamba, tiyi anaphuka, madengu anayamba kulemera. Mwana wa Marita anabadwa osadziwa ngati ali ndi bambo kapena ndi wamasiye. Pamunda wanu anabzalapo kale timitengo ta tiyi m'mizere yowongoka, ndipo tsiku lina anatituma ife amene kukapalira pamenepo. Ndinazindikira malo ake chifukwa cha chitsa cha mpapaya wanu. Ndinapalira, nanga ndikanatani. Tikiti yanga ikanapanda kudindidwa, ifenso bwenzi tili panjira.

Yankho linabwera mwezi wathawu. Aphunzitsi anandipeza m'munda momwemo, dengu lili kumsana, atapalasa njinga mpaka thukuta. Anati, "Chingwe achichotsa." Ndinatula dengu n'kukhala pansi pakati pa tiyi. Anandifotokozera kuti oweruza akutaliwo anapeza m'mapepala mawu a dokotala amene anamuyeza Tomasi atangomangidwa. Dokotalayo analemba za mabala awiri a chikoti kumaso. Oweruzawo anati munthu wokwapulidwa choncho pamaso pa anthu mtima umamuthawa, ndipo ameneyo sanaphe mokonzekera. Mlandu anausintha kukhala wakupha mopsa mtima. Koma popeza m'mapepalamo munalibe chikwanje, anati khasu linali yankho lopitirira pa chikoti. Anamupatsa zaka khumi za ukaidi wa ntchito yakalavulagaga.

Amayi anzanga analulutira. Lamulungu mpingo wonse unaimba nyimbo yothokoza, ndipo ine ndinaimba nawo, chifukwa mlongo wanga ali moyo ndipo sindine munthu wosayamika. Koma mkati mwanga munali ndulu. Taganizani, anthu amene sanaonepo nkhope ya Tomasi, amene sadziwa ngakhale kumene kuli Thyolo, anakhulupirira chipsera chake. Amayi ake aang'ono amene anamusambitsa ali khanda, amene anamutafunira chinangwa, ndiwo anamukolekera chingwe. Ndipo aphunzitsi akuti chikwanje chija chikanalembedwa tsiku la mlandu, mwina bwenzi Tomasi atatuluka, chifukwa munthu wodziteteza ku chikwanje alibe mlandu waukulu. Zaka khumi, Amayi. Adzatuluka mwana wake akusenza kale mtsuko, ndipo adzafunsa kuti bambo awa ndani.

Tsopano imvani zimene zandichititsa kukhala pansi kulemba. Nyumba ya atsibweni, imene a Dorika ankakhalamo chifereni amuna awo, aipereka kwa kapitawo watsopano. Munda wa atsibweni uja, umene anaupulumutsa pogulitsa wanu, aulambulanso, ndipo abzalapo tiyi mvula ino isanathe. Bwana akuti sasunga mayi wopanda mwamuna womugwirira thangata. Lachitatu lapitali, mvula ikugwa, ndinaona munthu ataima pa bwalo langa ndi mtolo pamutu, nsalu yanu ija itamatirira m'thupi. Sanaodire. Anangoima.

Ndinawasiya pamvulapo nthawi yaitali, sindikubisirani. Kenako ndinatuluka n'kufunsa kuti, "Mwasochera?" Anati, "Esitere mwana wanga, ndilibe kolowera." Ndinati mwana wawo ali ku Zomba akuswa miyala, apite akamupemphe iyeyo malo. Apo anatula mtolo m'matope n'kugwada, munthu wamkulu, mng'ono wanu. Anati, "Chikwanje chinalipo. Ndinachitola ine pamene anthu anathamangira kutsata Tomasi. Ndinachiponya pa dziwe la kumunsi." Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati sakanapirira kuti dziko lidziwe kuti mlongo wawo anakwezera chikwanje mwana wa mbumba yake, munthu atafa kale wosatha kudziyankhira. Anatinso kalaliki wa pa esiteti anawauza kuti akaima mbali ya kapitawo, nyumba sadzawachotsamo. Ndinati, "Nanga za nguluwe?" Anangoyang'ana matope.

Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndinakumbukira mawu amenewo nditaima pamvulapo, ndipo ndinakwiya nanu, Amayi, chifukwa simunatiuze kuti fupa lomwelo limaima pakhosi, osatsika, osatuluka. Abambo a Yulita anati nyumba ndi yanga, mbumba ndi yanga, ndione ndekha. Marita anati akawaona pakhomo pano sadzapondanso. Ndinayang'ana nkhope ya a Dorika, ndipo mphumi ndi yanu, makutu ndi anu, ngakhale kagwadidwe ndi kanu. Ndinawatsegulira kukhitchini. Amagona pafupi ndi mafuwa. Chakudya amawapatsira Yulita, ine dzanja langa likukana. Sindinawaitanepo kuti amayi chibwerereni, ndipo sindikudziwa ngati lilime langa lidzathenso.

Ndinakafunsa aphunzitsi ngati mawu a a Dorika angatsegulenso mlandu. Anati apilo siibwerezedwa ngati nyimbo, koma tikhoza kulemba pempho kwa bwanamkubwa kuti achepetse zaka, ngati mboniyo ivomera pamaso pa boma kuti inanama. Anandichenjezanso kuti wonama atalumbira naye amatha kumangidwa. Ndinabwera n'kuwauza a Dorika zonsezo, osachotsapo kanthu. Anati, "Ukufuna ndikafere ku ndende pa ukalamba uno?" Ndinati sindikufuna afe, ndikufuna akanene kumene ananamako zimene ananena pa bwalo langa. Ndinawauza kuti khitchini ndi yawo mpaka mvula itatha. Ikadzatha asankhe njira, ya ku boma ndi ine, kapena ina iliyonse okha. Dzulo ndinawapeza akufunsa Yulita kuti kodi ku boma n'kutali bwanji kwa munthu wa mawondo ngati awo. Sindikudziwa ngati akuyesa ulendo kapena akufuna podzikhululukira.

Mwina mukuti ndauma mtima, kuti simunandilere choncho. Mwina n'zoona. Koma inu munapita mbumba yanu ikudyera mbale imodzi, simunaone zimene ndaona ine. Atsibweni ngati ali pafupi nanu, muwauze kuti manda awo timalambula, ndipo Tomasi anawalira kuposa tonse.

Ndikukulonjezani ichi, Amayi. Mvula ikangodula, ndidzamanga kamba ndi kuwadzutsa a Dorika m'mawa. Akadzavomera, ndidzayenda pa liwiro lawo, akatopa ndidzawadikira, pa mtsinje ndidzawabereka. Tidzayambira ku boma, tidzathera ku Zomba, kuti akamuyang'ane Tomasi m'maso n'kunena ndi pakamwa pawo. Za kukhululuka adzanene ndi iyeyo, si ine. Akadzakana, ndidzapita ndekha, ndipo ndidzagogoda pa khomo lililonse limene lili ndi munthu wodziwa kulemba mpaka wina andimvere. Mwana wanu sindimusiya kumeneko.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani ngakhale pamene ndakukwiyirani.

Ine mwana wanu,
Esitere